Mpanda wapendekera kwa aneba, wondimangira akuti ndimalize kulipira

Anamwino,

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala mumzinda wa Blantyre, kudera lina lotsetsereka. Amuna anga amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo kwa zaka zinayi akhala akutumiza ndalama mpaka nyumba yathu yatha. Chaka chino adati tikonze panja: tisalaze bwalo, timange mpanda wa njerwa chakumunsi kuti ugwire dothi, tiyale mabuloko a simenti polowera galimoto komanso tidzale kapinga.

Mnzanga wa kutchalitchi adandilozera bambo wina yemwe amati ndi kontilakitala. Tidagwirizana K8 miliyoni, pakamwa pokha, ndipo ndapereka kale K6 miliyoni. Mwa ndalamayo muli K300,000 yomwe adati ndi yoyendetsera mapepala kukhonsolo.

Miyezi iwiri isanathe mpanda wang'aluka pawiri ndipo wapendekera kwa aneba akumunsi. Mvula yoyamba ija madzi adadikha pamabuloko, ena adalowa pakhonde, ena adakathira m'khitchini mwa anebawo. Kapinga adauma kalekale. Aneba akuti akandinenera kukhonsolo, koma mapepala aja sindidawaonepo. Bamboyo akuti ndimupatse K2 miliyoni yotsala ndiye abwere adzamate ming'aluyo. Alamu anga akuti tilande mawilibala ndi makina osakanizira simenti omwe adasiya pakhomo, kenako timutsekeretse kupolisi. Amuna anga sindidawauze, ndikuopa. Kodi pamenepa nditani?

Mayi wothedwa nzeru, Blantyre.

Mayi,

Zikomo pondilembera. Tisanayambe za ndalama, ikani kaye nyuzi pansi mupite kwa aneba anuwo mukawapemphe kuti ana asasewere kufupi ndi mpandawo. Ngati pali chingwe choyanikira zovala, mbaula kapena bafa la udzu m'munsi mwake, zisunthidwe lero lomwe, inu muthandize kunyamula. Mpanda wa njerwa ukapendekera sulonjera pogwa, ndipo kawirikawiri umagwa dothi litamwa madzi. Zaka zomwe ndidagwira m'chipatala ndidaona ana ophwanyidwa ndi zipupa nyengo ya dzinja. Ambiri mwa iwo kunja samaoneka ovulala kwambiri, vuto limakhala m'chifuwa ndi m'mimba. Mlandu wa K2 miliyoni mutha kuukamba chaka chonse, koma uwu wa mwana wa mneba simungauthe.

Tsopano yankho la funso lanu lalikulu: ndalama yotsalayo musapereke. Ndi chingwe chokhacho chomwe mwatsala nacho chokokera bamboyo pakhomo panu. Ngakhale m'ntchito zikuluzikulu za boma ndi makampani, mwini ntchito sapereka ndalama yonse tsiku lomaliza. Amasungako pang'ono, kawirikawiri K5 kapena K10 pa K100 iliyonse, kwa miyezi ingapo kuti aone ngati chomangidwacho chili bwino. Ndiye musachite manyazi ngati kuti mukumubera. Musamuuzenso kuti "sindikupatsa", ayi. Muuzeni kuti ndalama ilipo ndipo adzalandira ntchito ikakhala m'malo mwake.

Zomata ming'aluzo nzachibwana. Kumata mng'alu wa mpanda womwe ukukankhidwa ndi dothi kuli ngati kumanga bandeji yoyera pachilonda cha mafinya. Panja pokongola, m'kati mukuola. Mpanda wanuwo si mpanda wamba wongotchinga maso a anthu. Mudauthira dothi kumbuyo, ndiye ukusenza katundu usana ndi usiku. Mvula ikagwa dothilo limalemera, madzi nawo amafuna potulukira. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amasiya timabowo kapena kulowetsa timapaipi m'munsi mwa mpanda wotere, n'kuthira miyala ing'onoing'ono kumbuyo kwake kuti madzi azidutsa. Maziko amakumba mpaka apeze nthaka yolimba, samanga padothi lomwe wathira yekha dzulo. Mpandawo umakhala wonenepa, wa zipilala ndi waya kapena zitsulo, osati njerwa imodzi yoimika ngati wa khola la nkhuku.

Pitani mukauyang'ane nokha. Timabowo tija tilipo? Tengani msomali mukande pakati pa njerwa. Ngati matope ake akuyoyoka ngati mchenga wa kudambo, dziwani kuti simenti idaba njira. Amisiri ambiri pomanga njerwa amathira mawilibala atatu a mchenga pathumba limodzi la simenti la makilogalamu 50. Wina akafuna kuti matumba ena akagone kwawo amathira asanu kapena asanu ndi limodzi. Komanso simenti imafuna kuthiriridwa madzi kwa sabata yathunthu kuti ikhwime bwino. Kodi mudawaona akuthirira? Za mabuloko nazo n'zosavuta kuona: bwalo loyalidwa bwino limatsetsereka pang'ono kuchoka kunyumba kupita kungalande. Madzi akamabwerera pakhonde ndiye kuti sadayeze.

Koma maso anga ndi anu si umboni wokwanira. Pezani injiniya kapena mmisiri wina wodziwika, amene si mnzake wa bamboyo komanso si wachibale wanu, adzaone ntchitoyo. Alembe papepala zomwe zalakwika, zomwe zikufunika ndi mtengo wake, asaine. Mumulipira, inde, koma pepala limenelo lidzakuyankhulirani kulikonse komwe nkhaniyi ingafike. Akanena kuti mbali ina igwetsedwe msanga, jambulani kaye zithunzi zokwanira kenako mugwetse. Musausunge mpanda woopsa pofuna kuti ukhale umboni.

Nkhani ya mapepala ndiyo imene ndikufuna muimvetse, inu ndi ena onse amene mukuwerenga tsamba lino muli ndi mapoloti m'tauni. Malinga ndi lamulo la mapulani a malo la 2016, munthu asanayambe kumanga amayenera kupeza chilolezo kukhonsolo. Anthu ambiri timaganiza kuti zimenezi n'za nyumba yokha, mpanda ndi bwalo n'zathu. Koma khonsolo imafuna kudziwa ngati mpanda sudalowe mumsewu, sudadutse bikoni ya mneba, sudatseke ngalande kapena kukhala pamwamba pa paipi ya madzi. Ndipo ikapeza cholakwika, kalata yoimitsa ntchito kapena yolamula kugwetsa imafika kwa mwini malo. Kontilakitala amakhala atanyamula zida zake, ali kwina. Mawu akuti "mapepala ndiyendetsa ndine, mayi musavutike" apweteketsa anthu ambiri. Angathe kukuyendetserani, sizoletsedwa, koma lisiti ya khonsolo ndi pulani yodindidwa zimabwera m'manja mwanu njerwa yoyamba isanaikidwe.

Tsono musadikire kuti aneba akakunenereni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mawa Lolemba tengani mapepala a poloti ndi pulani ya nyumba mupite ku ofesi yoona za mapulani kukhonsolo. Funsani ngati padalowa pempho lililonse pa nambala ya poloti yanu. Ngati palibe, nenani chilungamo, muwapemphe abwere adzaone ndipo akuuzeni njira yokonzera. Mwina mulipira chindapusa. Komabe munthu wobwera yekha amalandiridwa mosiyana ndi wochita kukokedwa. Ndalama iliyonse yomwe mungapereke kumeneko perekani pakauntala mulandire lisiti. Wina akakunong'onezani m'khonde kuti "tingothana konkuno", mwayamba ulendo wachiwiri wofanana ndi woyamba uja.

Kodi bamboyo ndi kontilakitaladi? Masiku ano aliyense wokhala ndi wilibala ziwiri ndi chipewa cholimba akudzitcha choncho. M'dziko muno muli bungwe la boma lolembetsa makontilakitala, lomwe ambiri tidalidziwa ndi dzina loti NCIC kuchokera pomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996. Wochita bizinesi ya zomangamanga amayenera kulembetsa kumeneko, ndipo amaikidwa m'magulu molingana ndi kukula kwa ntchito yomwe angakwanitse. Mufunseni akuonetseni satifiketi yake, muone dzina ndi chaka. Ngati adalembetsa, muli ndi kokadandaula, ndipo iye akudziwa kuti dzina lake likhoza kuda. Ngati sadalembetse, mangawa anu sadathe ayi. Adalandira ndalama, adalonjeza ntchito, ayenera kuyankha. Sindikunena kuti mmisiri aliyense wopanda satifiketi ndi wakuba. Alipo akuluakulu m'makwalalamu omanga mowongoka kuposa a maofesi. Koma wotero amanena poyera kuti "ine ndine mmisiri chabe, za dothi lotsetserekali funsani injiniya".

Mwati mudagwirizana pakamwa. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, vuto lake n'lakuti tsiku la mlandu aliyense amakumbukira zomukomera. Choncho sonkhanitsani zomwe muli nazo. Mauthenga a Airtel Money, Mpamba kapena akubanki osonyeza ndalama zomwe mudatumiza musafufute. Zokambirana za pa WhatsApp zisungeni, makamaka pomwe adatchula za K300,000. Lembani m'kope tsiku lililonse lomwe mudapereka ndalama ndi amene adalipo. Mnzanu wa kutchalitchi uja naye ndi mboni, ngakhale pano mwina akukuzembani. Jambulani ming'alu, muike chizindikiro cha pensulo pomwe yathera ndi deti lake, kuti sabata yamawa muone ngati ikukula.

Mukatero mulembereni kalata yaifupi, yopanda chipongwe. Munene zomwe mudagwirizana, zomwe mwalipira, zomwe zalakwika malinga ndi amene wadzaona uja, ndipo mumupatse masiku 14 oti abwere mukambirane kakonzedwe komanso abweretse lisiti ya khonsolo. Asaine pakope yanu kuti walandira. Pokumana pakhale mfumu ya m'dera lanu kapena mkulu wa mpingo, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe. Akavomera kukonza, muzilipira pang'onopang'ono gawo lililonse likatha ndi kuonedwa. Koma ine ndikadakhala inu, mpandawo sindikadamupatsanso. Munthu amene sadadziwe kuti madzi amafuna potulukira sadziwira pa mpanda wanu womwewo kachiwiri. Bwino awongole mabuloko, za mpanda muwerengerane ndalama, amange wina.

Akakana kapena kuzimitsa foni, njira zilipo. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu omwe achitiridwa zachinyengo pamalonda ndi pantchito zolipira. Kukhoti nako mungapite. Yambani mwafunsa kalaliki wa kukhoti la majisitireti, akuuzani ngati kuchuluka kwa ndalama yanu kukulola kuti mlandu umvedwe pomwepo kapena upite kukhoti lalikulu. Ngati za loya zikukulemerani, kafunseni ku Legal Aid Bureau.

Alamu anuwo akukufunirani zabwino, koma nzeru yawo ikugwetsani m'dzenje. Zida za munthu si chikole pokhapokha mutagwirizana choncho. Mukazitsekera kapena kugulitsa, mawa wodandaula akhala iyeyo, inu wodandauliridwa, ndipo adzati ntchito adalephera kukonza chifukwa mudamulanda zida. Zilembeni papepala, zijambuleni, akabwera atenge pamaso pa mboni. Kupolisi nako, ntchito yosalongosoka si mlandu wotsekera munthu m'chitokosi. Ndi nkhani ya pakati pa anthu awiri, yothera pa kukambirana kapena kukhoti. Chosiyana ndi K300,000 ija. Khonsolo ikatsimikiza kuti palibe pepala lomwe lidalowa, ndipo iye akulephera kuonetsa lisiti kapena kubweza, pamenepo ndiye pali fungo la kutenga ndalama mwachinyengo, ndipo mungakawafotokozere apolisi muli ndi umboni m'manja.

Kwa aneba pitani ndi mawu ofatsa. Iwo sadapangane ndi kontilakitala, akudziwa inu. Madzi adalowa m'khitchini mwawo kuchokera kwanu, ndiye pepesani, muwauze zomwe mukuchita ndi masiku ake. Ngati ufa kapena makala zidanyowa, bwezani osadikira kuti atchule. Pakali pano lembani aganyu akumbe kangalande kongoyembekezera kolondolera madzi kungalande ya kumsewu. Anthu a ku Blantyre simufunika kuuzidwa zomwe madzi amachita pamalo otsetsereka, mudaona nokha ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023. Zithaphwi za pamabulokozo muzizisesa, popeza udzudzu wa malungo umakonda madzi oima oterewa ndipo nyengo yotentha sabata imodzi kapena ziwiri zimakwana kuti mazira asanduke udzudzu wouluka. Za kapinga musataye nazo tulo. Mwina adangomuyala pazigumuka za njerwa popanda dothi lachonde. Ameneyo mudzadzala ndi ana anu zina zikatha, mbewu yake mukhoza kupempha kwa anzanu.

Chatsala ndi bambo a kunyumba. Mayi, auzeni, ndipo muwauze sabata ino. Alamu anu akudziwa kale, ndiye nkhaniyi ifika ku Johannesburg ndithu, funso n'lakuti ifika ndi pakamwa pa yani. Ikafika kudzera kwa ena idzakhala itasintha, adzamva zoti ndalama mudadya ndinu. Muyambe mwapita kukhonsolo ndi kupeza wodzaona mpanda uja, kuti poimba foni mukhale ndi zonena zogwirika: vuto ndi ili, ndapita apa ndi apa, ndalama yotsala ili m'manja mwanga. Atumizireni zithunzi ndi mndandanda wa zomwe mudalipira. Akwiya, musadabwe, thukuta lake ndi lawo. Asiyeni alankhule, akamaliza muwafunse ngati kalata ya masiku 14 ija ilembedwe m'dzina lawo, lanu, kapena la nonse awiri, malinga ndi dzina lomwe lili pamapepala a poloti.

Anamwino.