Mbeŵa Zodzandira ndi Matenda a Kumtundu

Munthu akamayenda modzandira pamsika wa Nsaru kapena wa Mpingu, anthu amafulumira kunena kuti wakhuta kachasu. Zikaonekanso mwa mwana wake ndi mdzukulu wake, mlandu umagwera nkhalamba ya m'mudzi, ati yalodza mbumba yonse. Komatu alipo matenda otengera kumtundu, otchedwa ataxia, amene zizindikiro zake ndi kudzandira, kunjenjemera manja ndi kulemera lilime.

Gwero lake lili kunkhongo, m'chigawo cha ubongo chotchedwa cerebellum, chimene chimalongosola kayendedwe ka thupi. M'menemo muli maselo a Purkinje, amene Jan Purkyně anawatulukira mu 1837. Maseloŵa akayamba kufa, miyendo imakhalabe ndi mphamvu koma imasoŵa woiwongolera.

Umboni wamphamvu unachokera kwa mbeŵa. Mu 1993 Harry Orr ndi Huda Zoghbi a ku America anapeza kachidutswa ka chibadwa koyambitsa mtundu wina wa matendaŵa, SCA1. Mu 1995 gulu la Orr linaika kachidutswako mu mbeŵa. Maselo a Purkinje anafota ndipo mbeŵazo zinayamba kudzandira. Tsono mbeŵa sizimwa moŵa, ndipo palibe anazilodza. Mu 2004 gululo litaletsa kachidutswako kugwira ntchito matenda akungoyamba, maselo aja anatsitsimuka. Pamene linachedwa, kuchira kunali kochepa.

Matendaŵa sali kutsidya kwa nyanja kokha. Mtundu wa SCA7, umene umaononganso maso, unapezeka m'mabanja a ku Zambia, dziko limene msewu wodutsa pa Namitete umakafikako. Mu 2015 akatswiri a University of Cape Town anaonetsa umboni wakuti odwala a ku Zambia ndi a ku South Africa anautengera kwa kholo limodzi lamakedzana.

Kholo likakhala ndi mtundu umenewu, pafupifupi theka la ana limatengera, kaya khololo ndi bambo kaya mayi. Motero mwinimbumba wofufuza mbiri ya banja asaiŵale kuchimuna.

Mankhwala ochiza sanapezeke, koma kulimbitsa thupi motsogozedwa ndi achipatala kumathandiza, ndiponso kudzandira kwina n'kochizika. Mphunzitsi akaona mwana amene malembo ake ayamba kukhotakhota, akugwaigwa ndipo sakuona pabolodi, aike mkwapulo pansi, aitane makolo, mwanayo akapimidwe ku St Gabriel's kapena ku Kamuzu Central Hospital.