Bwalo la Wadzanayi, Boston Garden ndi Hockey ya ku Marondera

Chikho cha ligi yaikulu ya mpira wamiyendo m'Zimbabwe cha 2024 chinapita ku Shamva, tauni yaing'ono ya migodi ndi mafamu m'chigawo cha Mashonaland Central. Inachitenga ndi timu ya Simba Bhora, yomwe mwini wake ndi a Simba Ndoro, abizinesi ya migodi. Timuyi inalowa mu ligiyi mu 2023, ndipo m'chaka chake chachiwiri chokha inasiya m'mbuyo akuluakulu monga Dynamos ndi Highlanders.

Okonda mpira amakumbukira zigoli za Walter Musona, yemwe anasankhidwa kukhala katswiri woposa onse chaka chimenecho, komanso luso la mphunzitsi Tonderai Ndiraya. Koma chinthu chanzeru kwambiri chomwe a Ndoro anachita ndi kuthira ndalama pa bwalo la Wadzanayi mpaka akuluakulu a ligi analivomereza. Ogwira ntchito mumgodi ndi m'mafamu, ambiri mwa iwo zidzukulu za anthu omwe anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique, anayamba kuonera mpira wapamwamba kwawo komweko, osalipira basi ya ku Harare. Chikho chitangolowa m'nyumba, Ndiraya ndi Musona anasamukira ku Scottland, timu ya a Pedzisai Sakupwanya, mpondamatiki wogula golide wa ku Mabvuku. Palibe angawadzudzule, pakuti zaka zosewera mpira n'zowerengeka. Bwalo lija linatsala ku Shamva.

Zimbabwe inaonapo kale matimu odalira thumba la eni ake. Monomotapa inatenga ligi mu 2008, Gunners ya a Cuthbert Chitima mu 2009, Motor Action ya a Eric Rosen mu 2010. Pofika 2014 onse atatu anali atatuluka mu ligi yaikulu. Thumba la mwini likaphwa, malipiro amachedwa, osewera amabalalika, ndipo timu yopanda bwalo lake imasowa pogwira.

Ku America kuli nkhani ya wamalonda wina yemwe timu yake yakwanitsa zaka 100. Charles Adams anabadwa mu 1876 ku Newport, m'chigawo cha Vermont, ndipo anayamba ntchito ali mnyamata m'sitolo ya zakudya. Anakwera mpaka kukhala mmodzi mwa akuluakulu a masitolo omwe anadzatchedwa First National Stores. Mu 1924 anakhazikitsa Boston Bruins, timu yoyamba ya ku United States mu ligi ya NHL ya hockey yosewera pa madzi oundana. Yunifolomu anaisankhira mitundu ya masitolo ake, yabulawuni ndi yachikasu, kuti woona timu azikumbukira sitolo. Za masewero anazisiya m'manja mwa Art Ross, munthu wozidziwa, iye n'kumayang'anira ndalama. Mu 1926 anagula osewera a ligi ina ya kumadzulo kwa Canada yomwe inkagwa, ndipo pakati pawo panali Eddie Shore. Kenaka analonjeza lendi ya madola 500,000 pa zaka zisanu kuti bwalo la Boston Garden limangidwe. Linatsegulidwa mu 1928, ndipo mu 1929 Bruins inatenga chikho cha Stanley Cup koyamba. Mu 1936 mpando anaupereka kwa mwana wake Weston, iye akadali moyo. Adams anamwalira mu 1947, timu ikuyenda bwinobwino.

Hockey ya kuno ku Zimbabwe ndi ya pa udzu, ndipo tauni ya Marondera imaidziwa bwino. Sukulu ya Peterhouse, yomwe inatsegulidwa mu 1955, ndi Watershed College zimaphunzitsa masewerowa kwa anyamata ndi atsikana omwe. Nyengo yozizira ikafika, masana kumamveka kulira kwa ndodo ikamenya kampira kolimba kaja, ndipo goloboyi amaima pagolo atavala chisoti ndi zotchinga miyendo zonenepa. Dziko lino lili ndi mbiri yake pa masewerowa: mu 1980, miyezi itatu chilandirireni ufulu, timu ya amayi yotsogozedwa ndi Ann Grant inabweretsa mendulo ya golide kuchokera ku Olimpiki ya ku Moscow, itagonjetsa Austria 4-1 pa masewero omaliza. Osewera onse a timu imeneyo anali azungu, ndipo mpaka lero hockey yakhalabe kwambiri m'sukulu za fizi yokwera. Mwana wa kukomboni ya pafamu, yemwe amathamanga mtunda wautali m'mawa uliwonse popita kusukulu, amangoionera kunja kwa waya. Izi n'zopweteka, chifukwa liwiro ndi mphamvu zomwe masewerowa amafuna, mwanayo ali nazo kale.

Wophunzira pa sukulu zodulazo nayenso akamaliza fomu 6 amapeza njira yatha, popeza hockey ya kuno silipira ngati mpira wamiyendo. Ambiri amaisiya, ena amakapitiriza kunja.

Apa ndi pomwe abizinesi a ku Marondera, a fodya, a mkaka ndi a masitolo, angaonetse dzanja lawo. Kuyambitsa kalabu ya hockey sikufuna mulu wa ndalama womwe a Ndoro kapena a Sakupwanya amawononga pa osewera. Poyambira pakufunika ndodo, mipira, mphunzitsi wolipidwa mwezi ndi mwezi, galimoto yotenga ana m'mafamu, ndi pangano lolemba ndi sukulu imodzi kuti izitsegula bwalo lake Loweruka. Chodula ndi bwalo la udzu wochita kupanga, lomwe mipikisano ikuluikulu imafuna. Mabwalo a Magamba ku Harare ndi Khumalo ku Bulawayo anamangidwa pokonzekera masewero a All-Africa Games a 1995, ndipo Harare ili pa mtunda woposa makilomita 70 kuchokera ku Marondera. Wamalonda yemwe angamange bwalo lotere pafupi ndi Rudhaka Stadium, n'kulilembetsa m'dzina la kalabu osati lake, adzakhala atapatsa ana a ku Dombotombo, Nyameni ndi Cherutombo malo osewerera oyenda pansi kuchokera kwawo.