Wopima malo wopuma pa ntchito angathandize Malowera, koma asiye luso

Boma litayambitsa pulogalamu ya Terra Segura mu 2015, linalonjeza kupereka ma DUAT 5 miliyoni ndi kudula malire a madera 4,000. Kusindikiza chikalata si nkhani. Chosowa ndi munthu wodziwa kupima munda, makamaka kuno ku Malowera, kumene ofesi za ku Fingoè zili kutali ndipo Zambia ili pakhomo.

N'chifukwa chake njira yoitana katswiri wopuma pa ntchito, pa kontrakiti ya miyezi yowerengeka, ndi yomveka. Mdala wotere amadziwa kumene mapu akale agona, amadziwanso kulonjera mfumu asanatulutse GPS.

Komatu alimi asaiwale Lamulo la Malo, 19/97. Limati malo ndi a boma, koma mudzi wokhala pamalo mwa mwambo, kapena nzika yolima mosabera kwa zaka 10, ali ndi ufulu ngakhale alibe pepala. Ntchito ya katswiri ndi kulemba ufulu umene ulipo kale. Wobwera kudzafuna malo a fodya kapena ng'ombe ayenera kuyamba wafunsa mudzi.

Pamene pali chiopsezo ndi pakutha kwa kontrakiti. Akachoka ndi zonse m'mutu, mikangano ya m'malire mwa minda idzabuka dzinja likubwerali. Choncho akafika, afunsidwe pamsonkhano woyamba: ndi achinyamata angati a ku SDAE amene aziyenda naye, nanga mapu adzasungidwa ndi yani m'mudzi muno?