Musakwirire dzimbiri ndi penti

Anzanga apabanja, mwavutika kusunga ndalama mpaka mwagula Corolla yakale, ndiye taonani dzimbiri layamba kudya m'munsi mwa zitseko. Chonde musathamangire penti. Dzimbiri mukalikwirira limadyabe mkati, mvula ikangobwera penti yatupa, ndalama zalowa m'madzi.

Yambani mwatsuka galimotoyo ndi sopo. Kwechani pamalopo ndi sandipepa wa nambala 80 mpaka chitsulo chiwale. Mukapeza bowo, pamenepo mpofunika owotcherera, osati kumata. Ngati pangobonyoka, sakanizani fila ndi kamankhwala kake koumitsira, mupake mopyapyala, osapitirira mamilimita 5. Pakatha mphindi ngati 20, salazani ndi sandipepa wa 180, kenako 320. Osathira madzi ayi, fila imamwa chinyezi. Pukutani fumbi, phimbani magalasi ndi nyuzipepa, mupopere pulaima tsiku lomwelo. Chitsulo chikagona pamtunda, dzimbiri labwerera.

Bambo, valani chotchinga pakamwa ndi mphuno, ndipo gwirirani panja. Mayi, ana asayandikire. Penti ina yakale ili ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa mwana.

Koma dzimbiri likafika pa chasisi, musayerekeze. Pitani kwa amakanika, pajatu galimotoyo imanyamula ana anu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.