Khasu la mtendere lisachite dzimbiri

Chaka ndi chaka pa 4 Outubro dziko lonse la Moçambique limapuma pa ntchito, kukumbukira tsiku limene nkhondo ya zaka 16 inatha. Ku sede ya disitirito kumakhala mbendera, magule ndi malankhulidwe a akuluakulu. Koma kumidzi ya Chifunde, Mualadzi ndi Nsadzu ambiri amangoti lero ndi feriado, natenga khasu kupita kukasosa chifukwa mvula yayandikira. Sitiwadzudzula. Munthu amene angapite kumunda kwake m'mawa nabwerako madzulo osaopa kanthu, akudya kale chipatso cha tsikulo. Chodetsa nkhawa n'chakuti anyamata ndi atsikana ambiri amene akulima fodya kapena kukumba golide lero anabadwa mfuti zitaleka kulira. Sadziwa kuti mtendere umenewu unabwera bwanji ndiponso anausenza ndani.

Maganizo athu ndi awa, owerenga okondedwa. Mtendere umene tili nawo unatuluka m'chikhulupiriro chimene chinali ndi miyendo yoyendera kwa mdani ndi pakamwa ponenera zoona. Ngati Akhristu a lero asandutsa chikhulupiriro chawo kukhala nyimbo za Lamulungu lokha, mtendere umenewo udzatipulumuka m'manja.

Tiyambe takumbutsana kumene tachokera. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo inapha anthu pafupifupi 1,000,000. Dziko la Malawi lokha linasunga othawa nkhondo oposa 1,000,000, ndipo ambiri mwa iwo anali a chigawo chathu cha Tete. Ena, makamaka a m'malire a kumpoto kuno, anaolokera ku Zambia, nakakhala kwa abale awo kapena ku msasa wa Ukwimi m'dera la Petauke, umene unatsegulidwa mu 1987. Minda inasanduka thengo, masukulu ndi zipatala zinapsa, misewu inadzala mabomba okwirira. Nayo mipingo sinapulumuke. Pa 30 Outubro 1985, ku Chapotera pafupi ndi mishoni ya Lifidzi ku Angónia, ansembe awiri a chipani cha Jesuit, Padre João de Deus Kamtedza ndi Padre Sílvio Moreira, anatengedwa usiku naphedwa. M'madera ambiri wansembe kapena mbusa sanaoneke zaka zambirimbiri. Amene anasunga mapemphero pansi pa mitengo ndi m'misasa anali akatekista, akulu a mpingo ndi amayi wamba.

Pa nthawi imeneyo kunena kuti boma likambirane ndi Renamo kunali ngati kutukwana. Boma linkawatchula kuti zigawenga za mfuti, ndipo wonena za kukambirana ankayesedwa mnzawo. Komabe mu 1987 maepiskopi a Katolika analemba kalata yopempha poyera kuti mbali ziwirizo zikhale pansi. Mu Agosto 1989 atsogoleri a mipingo anakaonana ndi Afonso Dhlakama ku Nairobi m'dziko la Kenya. Pakati pawo panali Kadinala Alexandre dos Santos wa ku Maputo, Dom Jaime Gonçalves wa ku Beira ndi Dom Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican. Anapita kukalankhula ndi munthu amene asilikali ake anapha Akhristu awo ndi kutentha nyumba zawo zopemphereramo. Sanapite chifukwa choti anaiwala zimenezo. Anapita chifukwa chikhulupiriro chawo chinawakana kunena kuti pali munthu amene sangalankhulidwe.

Mu Julho 1990 zokambirana zinayamba ku Roma, m'nyumba ya gulu la Akhristu wamba lotchedwa Sant'Egidio. Amkhalapakati anali anayi: Dom Jaime Gonçalves, Andrea Riccardi, Padre Matteo Zuppi, amene pambuyo pake anadzakhala kadinala, ndi Mario Raffaelli woimira boma la Italy. Anakumana maulendo 11 m'miyezi 27. Kangapo konse zinthu zinaoneka ngati zapasuka, koma amkhalapakati sanatope, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa 4 Outubro 1992 Pulezidenti Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere, ndipo mu Outubro 1994 dziko linachita chisankho choyamba cha zipani zambiri.

Koma pepala la ku Roma silikanatha kuyanjanitsa anthu a mudzi umodzi. Ntchito yolemetsa inagwiridwa kuno kwathu. Othawa nkhondo pafupifupi 1,700,000 anabwerera kuchokera kumaiko oyandikana nafe. Wochokera ku Ukwimi anapeza wina akulima munda wa atate ake. Mayi anapeza mwamuna wake atakwatira wina. Mnyamata amene anagwidwa ali mwana nakakamizidwa kunyamula mfuti anabwerera kumudzi kumene aliyense ankadziwa zimene anachita. Mafumu ndi anyakwawa anaweruza za malire a minda. Akuluakulu anachita miyambo yosambitsa obwera kunkhondo kuti magazi asalowe m'mudzi. Mipingo nayo inachita chinthu chooneka chaching'ono koma chachikulu zedi: inakhazika msilikali wakale wa boma ndi wa Renamo pa benchi limodzi, inabatiza ana awo m'madzi amodzi, ndipo pa maliro inawapatsa khasu limodzi kuti akumbe manda. Ambiri ankaopa kuti anthu adzabwezerana mudzi ndi mudzi. Kubwezerana kotero sikunachitike monga ankaopera, ndipo ulemu wake upite kwa anthu wamba amenewa.

Mu 1995 Dom Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique anayambitsa ntchito yotchedwa Transformação de Armas em Enxadas, ndiko kusandutsa zida kukhala makasu. Ganizoli analitenga m'masomphenya a mneneri Yesaya. Munthu wobisa mfuti ankaipereka popanda kufunsidwa mafunso, nalandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata a nyumba. Zida zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa. Zambiri zinadulidwa, ndipo amisiri a ku Maputo anaumba nazo zinthu zina, monga mpando ndi mtengo wachitsulo zimene zinakafika ku British Museum mumzinda wa London. Taonani nzeru yake. Mpingo sunangouza munthu kuti taya mfuti. Unamupatsa chogwira m'malo mwake, podziwa kuti dzanja lopanda kanthu silichedwa kufunafuna chimene linazolowera.

Alipo ena amene anganene kuti pemphero silidzaza nkhokwe, ndipo nkhondo inatha chifukwa mbali zonse zinatopa, chilala cha 1992 chinakula, ndiponso amene ankapereka zida kuchokera kunja analeka. Zimenezi n'zoona ndipo sitikana. Koma anthu otopa angathe kupitiriza kuphana zaka zambiri ngati palibe wina wokhulupirika kwa onse woti awakhazike pansi. Ku Angola nakonso anatopa, anasaina pangano mu 1991, koma nkhondo inabukanso nifika mpaka 2002.

Enanso anganene kuti mtendere wa mipingo ndi wongotseka anthu pakamwa, kuwauza kuti pirirani, khululukani, musafunse. Mau amenewa ali ndi kulemera kwake. Lamulo la chikhululukiro la 1992 linaphimba milandu yonse ya nkhondo, ndipo palibe bwalo limene linakhala kuti amasiye anene zimene anaona. Mabala ena anapola pamwamba pokha. Koma chikhulupiriro chenicheni sichinakhalepo mdani wa choona. Pamene asilikali a Apwitikizi anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu, pafupi ndi mzinda wa Tete, mu Dezembro 1972, anali ansembe amene analemba maina a ophedwa natulutsa nkhaniyo kunja, mpaka Padre Adrian Hastings anaisindikiza m'nyuzipepala ya The Times ku London mu Julho 1973. Panapita zaka 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, ipepese, ndipo inatero ku Maputo mu 2022. Mkhristu amakhululuka, koma sanama kuti cholakwa sichinachitike. Mtendere wobisa choona uli ngati moto wokwirira ndi phulusa.

Ndipo moto umenewo tauona ukuyakanso. Kuyambira 2013 mfuti zinaliranso pakati pa dziko. Mu 2015 ndi 2016 anthu a madera a Moatize ndi Tsangano, m'chigawo chathu chomwechi, anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza ku Malawi, oposa 10,000, ena mwa iwo kachiwiri pa moyo wawo. Panafunika pangano lina, limene Pulezidenti Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade anasaina pa 6 Agosto 2019. Ku Cabo Delgado zigawenga zinayamba kupha anthu mu Outubro 2017, ndipo mu Setembro 2022 zinapha Sisitere Maria De Coppi ku mishoni ya Chipene m'chigawo cha Nampula. Chisankho cha pa 9 Outubro 2024 chitatha, m'mizinda munabuka zipolowe zimene zinatenga miyezi, ndipo mabungwe amene ankawerenga akufa ananena kuti anaposa 300, ambiri mwa iwo achinyamata. Maepiskopi a Katolika ananena poyera kuti chisankhocho chinali ndi zolakwika zazikulu, napemphanso kuti magazi asakhetsedwe. Anachita ziwiri zonse pamodzi, ndipo umo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Wina angati zimenezo n'za kutali, kuno ku Chifunde kuli zii. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Nkhondo siyambira pa mfuti. Imayambira pamene munthu aleka kupereka moni kwa mnansi wake. Tsono Mkhristu wa kumudzi angachitenji, iye amene sadzapita ku Roma kapena ku Nairobi?

Choyamba, chipani chitsale panja pa khomo la tchalitchi. Mpingo unatha kuyanjanitsa dziko chifukwa mbali zonse zinaukhulupirira. Mbusa, katekista kapena mkulu wa mpingo amene alalikira chipani pa guwa, kapena amene alandira kapulana ndi sementi pa nthawi ya kampeni kuti aloze nkhosa kovotera, wagulitsa chuma chimene sangachiombolenso. Aliyense avote monga afunira, koma Lamulungu benchi likhale limodzi.

Chachiwiri, milandu ya malire a minda isagonere. Anthu achuluka, nthaka sikula, ndipo fodya ndi golide zakweza mtengo wa malo amene kale anali thengo. Akulu a mpingo asayembekeze kuti nkhwangwa zituluke. Apite okha kwa okangana, awaperekeze kwa mfumu, ndipo akhale mboni zoona ngakhale wolakwayo ndi amene amapereka chopereka chachikulu.

Chachitatu, tileke kuloza agogo athu zala za ufiti mwana akamwalira. Pali alaliki ena amene amadzitcha aneneri, amene ntchito yawo ndi kuuza wodwala kuti akukulodza ndi amalume ako kapena apongozi ako. Uthenga wogawanitsa banja suchokera kwa Mulungu wa mtendere. Wodwala apite kuchipatala ndipo mpingo umupempherere, koma nkhalamba isathamangitsidwe m'mudzi umene inaumanganso ndi manja ake itabwera kothawa.

Chachinayi, Akhristu ndi a gule wamkulu alemekezane. Ndife a mtundu umodzi, timamwa chitsime chimodzi ndipo timaikidwa m'manda amodzi. Kusiyana pa chikhulupiriro kulipo ndipo palibe chifukwa chokubisira, koma pa maliro si pamalo poyesana mphamvu. Abusa ndi mafumu agwirizane mwambo usanayambe. Chimodzimodzinso ndi abale athu a ku Zambia ndi ku Malawi amene amaoloka pa Cassacatiza ndi m'njira zina kudzagula chimanga kapena kudzagwira ganyu m'minda ya fodya. Makolo awo anatigawira nsima ndi malo pamene tinalibe kanthu. Kuwabera malipiro kapena kuwaopseza ndi apolisi nyengo yokolola ikatha ndi tchimo, ndiponso n'kuiwala kwauchitsiru.

Chachisanu, achinyamata apatsidwe khasu, monga anachitira Dom Dinis. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Mnyamata wopanda sukulu ndi ntchito ndiye amayamba kutengedwa ndi aliyense wolonjeza ndalama, kaya ndi wandale kaya ndi wachigawenga. Mpingo uli ndi malo, uli ndi amisiri a matabwa, osoka ndi alimi odziwa ntchito pakati pa Akhristu ake. Gulu la achinyamata lisathere pa kwaya. Ndipo ngati pali wina amene akudziwa pamene panakwiriridwa zida za kale, auze mfumu kapena mkulu wa mpingo kuti akuluakulu a boma akazichotse.

Potsiriza, inu agogo ndi makolo amene munagona m'thengo ndi kudya ufa wa m'misasa, musafe nayo mbiri imeneyi. Ambiri mumakhala chete chifukwa kukumbukira kumapweteka, ndipo tikumvetsa. Koma mau a akulu akoma akagonera, ndipo sangagonere ngati sananenedwe. Auzeni adzukulu anu mmene munathawira, amene anakulandirani, ndi tsiku limene munapereka dzanja kwa munthu amene munalumbira kuti simudzamuyang'ananso. Mipingo ya Chifunde ipatule Lamulungu loyandikana ndi 4 Outubro kuti akuluakulu alankhule ndipo ana amvere. Mtendere wa mumtima umene Mkhristu amapeza popemphera ndi weniweni, ndipo ndi umene unawalimbitsa ambiri m'masiku a mdima. Koma umayesedwa panja, pa malire a munda, pa maliro ndi pa mzere wovotera. Khasu limene tinasinthanitsa ndi mfuti likangokhala pakhonde lidzachita dzimbiri, ndipo ana athu ndiwo adzalipira.