Kope limene ndinalanda

Sabata yatha kunyumba kwanga kunafika mtsikana amene ndinamuphunzitsa mpaka Fomu 4. Anakhoza bwino mayeso a MSCE, ndipo pano akufunsira malo ndi thandizo la fizi kumakoleji a ku America. Anabwereka foni ya achimwene ake kuti andionetse fomu yapaintaneti yotchedwa Common App, imene makoleji opitirira 1,000 amalandirirapo ofunsira malo.

Tsamba limodzi ndi limene linamuimitsa mutu. Lili ndi mipata 10 yolembamo zimene wophunzira ankachita kunja kwa kalasi. Pa chilichonse amafuna kudziwa udindo umene unali nawo, maola angati pa sabata, masabata angati pa chaka, komanso m'makalasi ati. Kufotokoza kwake kusapitirire zilembo 150. Osati mawu ayi, zilembo.

"Aphunzitsi, ine ndilembapo chiyani apa? Palibe chimene ndinachitapo."

Ndinayang'ana pansi. Mwanayu ndi katswiri wojambula, ndipo ine ndimadziwa bwino chifukwa ali Fomu 2 ndinamulanda kope lodzadza ndi zithunzi. Munali amayi akukangana pamjigo, wakabaza atanyamula mbuzi, ngakhalenso ineyo ndili ndi choko kukhutu. Ndinamukalipira pamaso pa anzake kuti zojambula sizibwera pamayeso. Kopelo linakhala m'kabati mpaka chiswe chinalimaliza.

Sindinachite zimenezo chifukwa cha nkhanza chabe. Kuno kwathu, bungwe la NCHE posankhira ana kumayunivesite aboma limayang'ana mmene mwana wakhozera MSCE, maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Palibe amene amafunsa ngati mwanayo amaimba, kusoka kapena kuumba. Ife aphunzitsi a m'ma CDSS, amene buku limodzi amalimbirana ana khumi, tinazolowera kuona china chilichonse ngati kutaya nthawi. Ndipo sindibisa: mwana wakumudzi akalakwa mayeso, zithunzi zake sizimulowetsa ku Chancellor kapena ku Bunda. Mapointi ndiwo amayamba.

Koma fomu ija inandiphunzitsa kanthu. Anthu amenewa safunsa ngati uli ndi luso. Amafunsa kuti lusolo unachita nalo chiyani, ndi yani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo angakuchitire umboni ndani. Mwana wojambula yekha kuchipinda, kubisira makolo ndi aphunzitsi, alibe chosonyeza. Mwana yemweyo akamakumana ndi anzake tsiku lodziwika, n'kumajambula matchati a mtima ndi mapapo ophunzitsira Biology, n'kumatulutsa nyuzipepala yomata pakhoma mwezi ndi mwezi, ndiye kuti ali ndi masiku, ali ndi manambala, alinso ndi mphunzitsi woti alembe kalata yomuchitira umboni. Luso ndi lomwelo, dzanja ndi lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti wina anapatsidwa bwalo.

Tinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, ndikumufunsa ngati wapolisi. Zinayamba kutuluka. Ndiye amene analemba zikwangwani za maokala atatu ndi malo ometera pamsika pathu, ndipo ankalipidwa. Anajambulira alangizi a zaumoyo zithunzi zophunzitsira amayi kusikelo. Kwa zaka ziwiri mayi ake akudwala, ankaphikira ndi kusambitsa abale ake aang'ono asananyamuke kupita kusukulu. Iye ankaona ngati zimenezi n'zochititsa manyazi, chonsecho fomuyo imalola kulemba ganyu ndi ntchito zosamalira banja. Tinadzadza mipata inayi. Malume ake anaimba foni kuti tiwonjezere zoti anali hedigelo. Ndinakana, chifukwa kalata yaumboni ndisaina ndine.

Tonse timamudziwa William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2002, anatola zitsulo zotayidwa, zida za njinga ndi mitengo ya bulugamu, n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Mu 2007 anakayankhula kumsonkhano wa TED ku Arusha, kenako anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America. Mnyamatayu sankaganiza za fomu iliyonse, ankafuna kuwala m'nyumba. Koma chimene anapanga chinaima pabwalo, odutsa n'kumachiona. Ndimadzifunsa kuti akanakhala m'kalasi mwanga, akusewera ndi mawaya ndikuphunzitsa, ndikanamutani.

Anzanga aphunzitsi, makalabu tili nawo kale papepala: Wildlife, Edzi Toto, zisudzo zokapikisana ku ATEM. Ambiri amadzuka pokhapokha kukamabwera alendo. Ndipo musadikire teremu yomaliza ya Fomu 4 kuti muyambitse kalabu yodzadzira mafomu. Owerenga mafomuwo amaona zaka, ndipo kalabu ya miyezi iwiri imadziulula yokha.

Ine ndayambapo. Lachitatu lililonse tikaweruka, ana 14 amatsalira m'kalasi ya Fomu 1. Ahedi anatipatsa makalendala akale kuti tizijambula kuseri kwake, makala timatola kukhitchini. Mlembi wa kalabu ali ndi kope lolembamo tsiku, amene abwera ndi chimene tachita, ndipo ine ndimasaina pansi. Bambo wina wabwera kale kudzadandaula kuti mwana wake akuchedwa kukatunga madzi chifukwa cha zibwana. Tagwirizana kuti azituluka 4 koloko isanakwane.

Mtsikana uja ndinamupepesa za kope lake. Anangoseka, n'kunena kuti chithunzi changa cha choko kukhutu angathe kuchijambulanso osaonera. Lachitatu likubwerali ndiye adzaphunzitse.