KAMERA YOSAONA BWINO NDI MLONDA WOGONA

Msewu wa M1, umene umachokera ku Kasungu nudzera pa Jenda ndi pa Champhira kulowera ku Mzuzu, ndiwo mtsempha wa chigawo cha kumpoto. Pamsewu umenewu pamadutsa magalimoto a matabwa a ku Chikangawa, mabasi, ndi amalonda ochokera ku Lundazi m'dziko la Zambia. Pamadutsanso zina zimene eni ake safuna kuti zioneke. M'mwezi wa October, chaka cha 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga m'boma la Mzimba munapezeka mitembo ya anthu oposa 25, amene apolisi adati anali a ku Ethiopia olowa m'dziko muno mobisa. Chotero nzosadabwitsa kuti eni masitolo ndi akuluakulu a maofesi ayamba kudalira makamera achitetezo olumikizidwa pa netiweki.

Koma kupachika kamera pakhoma ndi ntchito yochepa. Tsiku la mlandu, wapolisi akapempha chithunzi, nthawi zambiri amapatsidwa chimthunzi chopanda nkhope ndi galimoto yosawerengeka nambala. Pamenepo mkulu wa ofesi amafulumira kunena kuti kamerayo njachabe, nalemba kalata yopempha ndalama zogulira ina. Kachitidwe kameneka ndiko kayenera kutha, pakuti kawirikawiri chilema sichikhala m'kamera, koma m'kaikidwe ndi m'kasamalidwe kake.

Choyamba chimene mlonda aliyense angathe kukonza ndi litsiro. Kuyambira August kufikira November fumbi la m'mbali mwa msewu limamata pagalasi la kamera, ndipo m'miyezi ya June ndi July nkhungu ya kumapiri a Viphya imasiya chinyezi pagalasi lomwelo. Usiku kamera imaunika ndi kuwala kwake kosaoneka ndi maso a munthu, kotchedwa infrared. Kuwalako kukagunda fumbi, ulusi wa kangaude kapena khoma loyera loyandikana nayo, kumabwerera m'diso la kamera, ndipo chithunzi chonse chimayera ngati utsi. Mankhwala ake ndi kansalu kofewa ndi makwerero, kamodzi pa sabata.

Chachiwiri ndi malo amene kamera yayang'ana. Kamera yopenya kukhomo kumene dzuwa likulowera imaonetsa munthu wakuda bii, chifukwa diso lake ladzichepetsa poopa kuwala kwa panja. Makamera ambiri ali ndi chokonzera vutoli chotchedwa WDR, koma woika akachisiya chotseka sichithandiza kanthu. Ndiponso kamera imodzi siingalonde bwalo lonse. Muyeso umene akatswiri a m'maiko ambiri amatsata umati, kuti munthu wosadziwika azindikirike pachithunzi, pafunika timadontho ta chithunzi 250 pa mita imodzi. Kamera wamba ya 1080p ili ndi timadontho 1,920 m'litali mwa chithunzi chake. Kotero imazindikiritsa nkhope pamalo osafika mamita 8. Woilozetsa pabwalo la mamita 40 adzaona kuti munthu wadutsa, koma sadzadziwa kuti ndani. Malo ake ndi pachipata, pakhomo la nyumba yosungira katundu, ndi pamene pamalandiridwa ndalama.

Chachitatu ndi nthambo ndi magetsi. Nthambo ya netiweki siyenera kupitirira mamita 100, ndipo makamera ambiri amalandira magetsi kudzera m'nthambo yomweyo. Nthambo yotsika mtengo, imene mkati mwake ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa, imafooketsa mphamvu. Chizindikiro chake nchakuti kamera imaona bwino usana, koma madzulo, nyali zake zikayaka, imazima ndi kuyakanso. Magetsi a m'dziko muno ndi a 50 Hz. Kamera yosiyidwa pa 60 Hz imaonetsa mizere yoyendayenda pansi pa nyali za m'nyumba. Ndipo onse akumbukira mdima umene udagwa namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Kamera yopanda batire imagona pa ola lomwe mbala imadzuka.

Chachinayi, chimene chimabisika kwambiri, ndi kasungidwe ka zithunzi. Pofuna kuti makina osungira atenge masiku ambiri, woika amapanikiza zithunzi kufikira nkhope zisanduka timabokosi. Kamera imatumizanso zithunzi za mitundu iwiri, china chachikulu chosungidwa ndi china chaching'ono choonera pafoni. Ena amasunga chaching'onocho osadziwa. Enanso, pofunika umboni, amajambula sikirini ndi foni natumiza pa WhatsApp, imene imachepetsanso chithunzicho. Umboni uyenera kutengedwa m'makina osungira momwemo, ndipo wotchi ya makinawo ikhale yolondola. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lidatsegula njira yoti umboni wa pamakina ulandiridwe kukhoti, koma palibe woweruza amene angamange munthu chifukwa cha chimthunzi cholembedwa tsiku lolakwika.

Ena adzati nkhani zotere nza amisiri, osati za kalaliki kapena mphunzitsi. Komatu katundu wolondedwayo ali m'manja mwa antchito a Boma: mankhwala a m'chipatala, makompyuta ndi mabuku a sukulu, ndalama za msonkho wa pamsika. Aphunzitsi sanaiwale chaka cha 2020, pamene mayeso a MSCE adaimitsidwa chifukwa mapepala adabedwa, ana nalembanso m'January 2021. Chitetezo chikalephera, amene amalipira ndi mwana wasukulu ndi wodwala. Enanso adzati ndalama zokonzera palibe. Yankho nlakuti kupukuta galasi, kutembenuza kamera ndi kukonza wotchi sizifuna ndalama zakunja, pamene kamera yatsopano iliyonse imazifuna. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Ofesi yosirira makina atsopano isanasamale akale idzagulanso chaka chamawa.

Pali chenjezo lina loyenera kulisunga. Kamera yoona bwino imagwira nkhope za anthu osalakwa ochuluka kuposa za mbala. Lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, likufuna kuti zotere zisungidwe mosamala. Chithunzi cha munthu wobwera kuchipatala kapena kuofesi sichoseketsa anzako pafoni, ndipo nambala yachinsinsi imene kamera idabwera nayo kufakitale iyenera kusinthidwa tsiku loyamba.

Boma lachita mbali yake poika malamulo ndi poyala nthambo za intaneti m'maboma kuyambira chaka cha 2017. Chatsala ndi udindo wa akuluakulu a maofesi ndi a masukulu, kuchokera pa Jenda ndi Champhira kufikira ku Embangweni ndi pa Boma pa Mzimba. Mkulu aliyense asankhe munthu mmodzi wolembedwa dzina kuti ayang'anire makamera. Kamodzi pa mwezi, usiku, wantchito mmodzi adutse pachipata, ndipo m'mawa mwake aone ngati nkhope yake ikuzindikirika. Wogulitsa asalipidwe ndalama zotsiriza mayeso amenewa asanachitike. Ofesi imene idzachita zimenezi idzakhala ndi chopereka m'manja mwa wapolisi tsiku limene adzagogoda pakhomo.